Dengu Lachitatu

Lolemba, 25 Juni 1979

Chisanu cha Mzimba. Chaka chachiwiri kuno koma zala sizinazolowere. Mwana wanga Mavis wapita kusukulu atavala juzi yanga, yake yamuthina.

Ku depoti tayamba kusankha mtedza. Amayi pamikeka m'shedi monse, ine kapitawo wawo. Tisanayambe Bwana Thole, mkulu wa depoti, anatiimika ndi uthenga wa kulikulu. Mtedza wina wa chaka chatha ogula a ku Mangalande anaukana. Ati chuku cha mumtedza chili ndi poizoni, sachoka ngakhale ukazinge, amadya chiwindi pang'onopang'ono. Chaka chino mulu uliwonse wa matumba uzitapidwa sampulo, ipite ku labotale ku Lilongwe. Ikalephera, mulu wonse ubwerera pamkeka.

Lamulo lachiwiri: wotsala wonse uziwotchedwa. Chiyambire, wotsalawo ndi umene amayi amagawana poweruka, wa nsinjiro kunyumba.

Ine mantha ndilibe. Kwathu ku Mchinji ndinayamba kuswa mtedza ndisanayambe kuwerenga. Madengu awiri: wabwino uku, woipa uku. Chovuta n'chiyani?

Lachitatu, 27 Juni

Moto woyamba, kuseri kwa shedi. Sindinadziwe kuti mtedza umayaka chonchi. Mafuta okhaokha, suzima. Fungo la mtedza wokazinga linafika mpaka kumsika. Ana anadzaza pawaya wa mpanda, zala m'mabowo.

Amayi anadutsa pamotopo osayang'ana. Kezia NyaHara yekha ndiye anaima. Ndi wamkulu pa onse, kwawo ku Edingeni, nyengo ino amagonera kwa mng'ono wake m'tauni. Anayang'ana moto, nayang'ana ine. “Yewo, akapitawo.” Yewo wake ameneyo, zikomo wa Chitumbuka, ndamumva bwino.

Lamulo ndi lamulo. Poizoni sindingamupereke kwa ana a anthu ndikudziwa.

Loweruka, 30 Juni

Ntchito ikuthamanga. Dengu la woipa likuchepa tsiku ndi tsiku, matumba a wabwino akudzaza msanga. Bwana Thole anati mtedza wa kumwera kwa Mzimba kuno wachita bwino chaka chino, makamaka wa ku Embangweni. Sampulo yoyamba inapita dzulo pa lole. Ndinamanga kachiguduli kake ndekha.

Ndaona nsalu ya juzi m'sitolo. Mwezi wa mawa ukatha.

Lachiwiri, 3 Julayi

Theka la amayi kulibe, akuyeserera gule wa pa 6, tsiku la ufulu. Otsala akuimba nyimbo zawo za Chitumbuka, ndikayandikira amaleka. Kale ankandiphunzitsa mawu n'kumandiseka katchulidwe. Mtedza ndi skaŵa. Tsopano palibe wondiseka.

Zimenezi zidutsa. Akaona matumba akunyamuka amvetsa.

Lolemba, 9 Julayi

Sampulo yalephera.

Bwana Thole anandiitanira muofesi, anatseka chitseko. Mulu wonse ubwerere. Ndinapita kukamasula thumba limodzi ndekha, n'kukhuthulira pamkeka. Sindinafunike labotale. Wonyala, wamawanga akuda, wina wobiriwira pamphuno, uli mbwee pakati pa wabwino. Mtedza sunachite bwino ayi. Amayi angoleka kusankha. Ine ndinali kalikiliki ndi moto kuseri, maso osawaika pamikeka.

Ndinawakalipira. Mawu anali ambiri. Iwo manja okha akuyenda.

Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 11 Julayi

Bambo a Mavis abwera kuchokera kuntchito kwawo kupolisi nkhope ili gwa. Nsapato sanavule. Ati dzina langa latchulidwa ku ofesi ya Chipani: mayi wa ku Mchinji akuwotcha chakudya masana anthu akuona. “Mayi a Mavis, mawu amenewa si ochezera. Munthu wowotcha chakudya m'dziko muno amafunsidwa kuti wamutuma ndani.” Akuopa kusamutsidwa, kapena kuposa apo. Akuti ndinene kuti ndadwala, ndisiye ukapitawo.

Sindisiya. Amene wandituma alipo, ndi likulu. Ndipo ndikudziwa chimene ndikuwotcha.

Khadi la Chipani ndalipeza m'Baibulo. La chaka chino, mwamwayi.

Lachisanu, 13 Julayi

Tinaitanidwa. Ine, Bwana Thole, ndi wodandaula. Wodandaulayo NyaHara. Ndinkadziwa kale ndisanamuone pabenchi.

Amayi Tcheya, wapampando wa amayi a Chipani m'tauni, anayamba ndi makhadi. Kenaka Bwana Thole anafotokoza za Mangalande, za labotale, za chiwindi. Thukuta m'chisanu chonsechi. Ine ndinanena zanga mosachita chibwibwi. Ndinati mtedza wachuku sindingaudyetse mwana wanga, ndiye sindingaupereke kwa mnzanga kuti akadyetse wake.

NyaHara sanatsutse. Anayankhula m'Chitumbuka, pang'onopang'ono kuti ndimve. “Zakuvunda wotchani. Kweni zakusweka zananga vichi?” Wowola wotchani, koma wosweka walakwa chiyani?

Zoona. M'dengu la woipa timaponyamo zonse: wachuku, wonyala, komanso wongosweka pakati kapena wosupuka khungu ponyamula, woyera bwinobwino m'kati. Azungu saufuna chifukwa cha maonekedwe basi. Masabata awiri ndakhala ndikuuwotcha pamodzi ndi poizoni.

Anawonjezera m'Chichewa chake chija: “Munthu angasankhire moto na mtima wose, mama?”

Ndinapempha kuyankhulanso. Ndinati madengu akhale atatu. Wopita kunja, wosweka koma woyera, ndi wachuku. Wachiwiriwo ukhale wa amayi. Bwana Thole anati likulu linati wotsala wonse. Amayi Tcheya anati likulu lili ndi foni, aliimbire. Za moto anadula okha: utsi uleke, ndiwo ukuputa anthu, tizikwirira.

Potuluka NyaHara anatsogola.

Bambo a Mavis adya bwino lero.

Lachiwiri, 17 Julayi

Likulu lavomera, koma wosweka nawonso utapidwe sampulo. Ndinawapempha ndekha Bwana Thole kuti anene choncho. Ngati wa Azungu ukuyesedwa, wa ana athu ulekerenji? Amayi adikire zotsatira, matumba ake tikusunga padera, pamitengo, kutali ndi khoma. Ena ang'ung'udza kuti ndi njira yowanamiza. NyaHara anawaletsa ndi liwu limodzi.

Dzenje lakumbidwa. Tikuthiramo oilo wakutha wa malole kuti nkhumba ndi anthu asafukule.

Mulu wolephera uja tayamba kuubwereza. Ine ndakhala pamkeka, osati kuimirira kumbuyo kwawo. Msana.

Lachisanu, 20 Julayi

Zoseketsa. Dengu lachitatu akulisankha mosamala kuposa la Azungu. Kambewu kalikonse akukatembenuza kufuna kosweka, ndiye chuku sichikuwadutsanso. Wina anaponya kobiriwira m'dengu lawo, anzake anamukalipira ine ndisanatsegule pakamwa.

Ntchito yachedwa, Bwana Thole akuyang'ana kalendala. Ndawauza kuti bola kuchedwa kamodzi.

Ndinafunsa amayi chifukwa chake matumba ena amafika onyowa m'kati mvula kulibe. Ati kumudzi amawaza madzi usiku kuti makoko afewe poswa, zala zimatupa. Kwathunso timatero. Bwana Thole atumiza mawu kumisika yonse: wonyowa, wonyala, wamawanga asagulidwe, alimi azisankha okha asanabwere nawo. Pawailesi akulengezanso, m'Chichewa. Kaya akumva angati.

Lero andiseka. Ndinati ndikufuna kunena “zawuma” m'Chitumbuka, kuti zauma, ndinatchula china.

Loweruka, 4 Ogasiti

Sampulo zonse ziwiri zakhoza. Wa kunja ndi wosweka.

Bwana Thole anandigwira dzanja pamaso pa amayi. Ati a kulikulu akufunsa kuti madengu atatuwa tikuchita bwanji, akufuna ma depoti ena aone. Ndinati akafunse NyaHara. Iye anangopukusa mutu n'kumapitiriza kumanga mtolo wake.

Tinagawa wosweka. Nthungululu m'shedi. Malole awiri anyamuka masana, matenti omanga bwino, ndinayendera zingwe ndekha.

Mtedza umene ukufika kuchokera kumisika tsopano ndi woyera, dzenje silikudzaza ngati kale. Ntchito ndaigwira. Ndikunena mosadzitama.

Juzi ya Mavis yasokedwa, yofiira. NyaHara watiitana ku Edingeni Lamulungu la sabata yamawa, mdzukulu wake akubatizidwa. Bambo a Mavis ali pantchito, ndipita ndi Mavis.

Lamulungu, 12 Ogasiti

Tabwera kumene. Fumbi mpaka m'makutu.

Anatilandira ngati abale. Khola la ng'ombe pakati pamudzi, amuna kwaokha. Ubatizo unayenda bwino, mwana sanalire. Titabwera kutchalitchi ndinapita kuseri kukathandiza, mlendo wamkazi sangokhala. Mpongozi wa NyaHara, mayi wa khandalo, anali pamtondo akusinja mtedza wotendera. Ndinatenga lichero kuti ndimupatsire.

Wonyala. Wamawanga. Wobiriwira pamphuno. Lichero lonse.

Ndinafunsa kuti wabwino uli kuti. Anandiyankha akumwetulira, wosadziwa kanthu. Ati wabwino anagulitsa. Chaka chino kumsika akukana woipa, ndiye anasankha bwinobwino monga analamulira, wotsalawu ndiwo wa pakhomo. Wosweka umene apongozi ake anabweretsa anagawira nyumba zonse, unatha Lachitatu.

Ndiye chifukwa chake dzenje langa silikudzaza. Chuku sichinathe. Changoleka kukwera lole.

NyaHara anali pakhomo la khitchini, anamva zonse. “Kuno nkhukaya, mama.” Kuno ndi kumudzi.

Chakudya chinabwera, nkhwani wotendera ndi nyama ya mbuzi pang'ono. Ndinadya, ndikanakana bwanji. Mavis atatambasula dzanja ku nkhwani ndinamutsina pantchafu. Anasiya, anadya ndi msuzi wa nyama. Ana a m'nyumbamo, anayi, anatapa mpaka kupukuta mbale. Ine sindinawaletse. NyaHara anali ataona dzanja langa likutsina Mavis.

Anatiperekeza mpaka kumsewu osanena kanthu. Ndinkaganiza kuti ubwenzi wathera pomwepo. Lole itaonekera ndiye anandigwira pamkono. Ati Lachinayi amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, amasonkhana patchalitchi paja, a midzi yonse yozungulira. Ati iye akanena, adzati nkhalamba yaphunzira kunyada ku tauni. “Mwize, muzakaŵaphalire mwekha.” Ndibwere, ndidzawauze ndekha. Iye adzaima pambali panga.

Ndikawauza chiyani? Kuti ataye ndiwo? Ayi. Kuti asunge kaye wa ana asanagulitse, dengu lawo likhale loyamba. Kuti asawaze madzi. Ena adzanditukwana, mtedza wabwino ndiwo sopo ndi fizi.

Mavis wagona osandiyankhula. Pantchafu pafiira.

Mawa kwa Bwana Thole, andipatse Lachinayi ndi malo pa lole ya ku Edingeni. Akakana ndipempha njinga ya kupolisi. Chitumbuka changa ndi cha pamsika, adzaseka. Aseke, bola akhale pansi.