Za Madzi Munafunsa Amuna Pamsika

Achimwene a Lahcen,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Rabat, inu ndi alamu? Kuno kumapiri tilipo, kungoti amayi msana ukuwavutabe.

Lipoti lanu ndaliwerenga lonse. Likuti mabanja ambiri m'chigwa chathu savutika kupeza madzi, choncho khonsolo ikufuna kupititsa mapaipi kwina.

Ndafufuza mmene anyamata anu a kafukufuku anasankhira anthu oti awafunse. Anafika tsiku la msika, anakhala pomwera tiyi pa Hammou, n'kumafunsa aliyense wodutsa. Akathana naye ankamutuma kuti aitane mnzake. Inu mukuwadziwa otsikira kumsika: amuna, makamaka a m'mbali mwa msewu komwe mipopi ilipo kale. Ndipo wogulitsa nkhosa amaitana wogulitsa nkhosa mnzake.

Amalume a Brahim akudzitama kuti anafunsidwa kawiri. Akuti anayankha kuti madzi savuta, chifukwa akadzuka amawapeza m'ndowa. Akazi awo atamva anati nkhalamba imeneyi bulu akuiposa nzeru, poti iye njira ya kukasupe amaidziwa.

Munandiphunzitsa ndinu kuti kuchuluka kwa ofunsidwa sikuwongola kasankhidwe kokhota. Mukanagawa chigwa pawiri, kumtunda ndi kumunsi, n'kuchita maere a nyumba mbali iliyonse. Apo ayi, kuyenda mudzi ndi mudzi n'kumalowa khomo lachisanu lililonse. Pagulu lanu panalibenso mkazi, chonsecho mukudziwa kuti kuno mlendo wamwamuna amathera m'chipinda cha alendo. Mayi wotunga madziyo amangomumvera mlendoyo ali kukhitchini.

Pafoni munati nthawi inachepa, ndiponso kumtunda galimoto sifika. N'zoona. Koma lipotilo silinena zimenezo. Likuti anthu anasankhidwa mwa maere.

Khonsolo ikhala pansi chikondwerero cha Idi chikadutsa. Chonde alembereni kuti kafukufukuyu abwerezedwe, mudziulule nokha anthu ena asanakuululeni. Mukakhala chete, ndikaimirira pamsonkhanowo ndine, ndikanene zonse ndalembazi. Akandifunsa ngati mwini lipoti ndi mlongo wanga, sindikakana.

Amayi sindinawauze kanthu. Akakhala pamwala kukasupe kudikira kuti zigubu zidzaze, amauzabe anzawo kuti mwana wawo wa ku Rabat ndiye akubweretsa madzi.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Tamou