Valavu Imene Ndinasainira

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo ndi amphamvu. Kodi msana uja ukukupatsaniko mpata masiku ano? Nanga alamu ndi ana akudzuka bwanji? Ndinamva kuti shuga wa amayi watsikako, Mulungu alemekezeke. Kuno kudziko la eni m'thupi tili bwino, ine ndi alamu anu. Kuzizira kokha ndiko kwanyanya. Madzi ukawasiya panja amauma gwa ngati mwala.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Ndakuimbirani katatu mwezi uno, koma mukangoti "Halo, injiniya wathu," ndimangoyamba kukufunsani za mvula. Ndiye ndati bola pepala, silindiyang'ana m'maso.

Ntchito yanga mumaidziwa pang'ono. Ndimakonza mapulani a timavalavu totseguka ndi magetsi. M'kati mwake muli waya wokulungakulunga; magetsi akalowa, wayayo amasanduka maginito n'kukoka kachitsulo, mphepo n'kudutsa. Magetsi akachoka, sipuling'i imabweza kachitsuloko pa labala, njira n'kutsekeka. Kanthu kake n'kokwana m'dzanja. Inu amene mwayendetsa malole zaka makumi awiri mukudziwa kuti mabuleki a mphepo amadalira tizinthu totere.

Chaka chatha anandiika kukhala mtsogoleri wa valavu yatsopano ya malole oyenda m'madera ozizira kwambiri. Tili ndi chipinda choyesera, cha chitseko chochindikala ngati cha firiji ya kubutchala. Woyang'anira chipindacho ndi bambo wina wachikulire amene timamutchula kuti a Chifatse, chifukwa ngakhale tiyi amamwa ngati akumuyeza.

Tinaikamo mavalavu makumi asanu ndi limodzi, n'kutsitsa kuzizira mpaka madigiri makumi anayi pansi pa ziro. Onse anagwira bwino kupatula imodzi. Imeneyo inkachedwa kutseguka, mwina ndi masekondi awiri okha.

A Chifatse anabwera patebulo panga magolovesi akadali m'manja. Anati labala yathu ikuuma ikazizidwa, ndiye kachitsulo kakumatirira. Anapempha masabata atatu kuti tiyese labala ya mtundu wina. Ine ndinawayankha kuti ndi chinyezi chabe chimene chinalowa pomanga, imodzi mwa makumi asanu ndi limodzi si nkhani. Iwo anati, "Mayi, imodziyo nayonso ikakwera lole, ndipo m'lolemo mudzakhala munthu."

Achimwene, ndinawamva bwinobwino. Koma abwana anali atalengeza kale tsiku loyamba kugulitsa valavuyo, ndipo panali ena amene ankadikira kuti aone mkazi akulephera. Sindinafune kuwapatsa choseka. Ndinatenga cholembera n'kusaina kuti valavuyo ili bwino.

Mwezi watha, m'mawa wina wozizira kwambiri, lole yonyamula mapaipi inkatsika mtsetse wolowera m'tauni. Dalaivala anaponda buleki, buleki n'kuchedwa. Kumunsi kunali anthu odikira basi. Iye anakhotetsa dala n'kukagunditsa lole pakhoma la mlatho. Anthu aja palibe amene anakhudzidwa, koma iyeyo mwendo wakumanja anaudula m'munsi mwa bondo.

Kuntchito kunayamba kumveka zoti dalaivalayo sankachotsa madzi m'thanki ya mphepo, ndiye madziwo anauma n'kutseka njira ya mphepo. Mukuidziwa nkhani imeneyi: lole ikagwa, woyamba kulozedwa chala ndi dalaivala. Ine ndinakhala chete masabata awiri athunthu. Ndinkapita kuntchito, kupereka moni, kudya, kubwerera kunyumba. Alamu anu ankafunsa chimene chandidya, ine n'kumati ndi chimfine.

Kenako valavu ya m'lole ija inabwera kuti tiione. Ndinaidula pakati ndi manja angawa. Munalibe dzimbiri, munalibe chizindikiro cha madzi. Thanki ankaisamalira bwino bamboyo. Labala ndiyo inali itauma n'kung'aluka mozungulira, monga a Chifatse ananenera.

Masana ake a Chifatse anaika kope lawo patebulo panga, atatsegula patsamba la tsiku limene anandichenjeza lija. Sanandikalipire. Anangoti akuluakulu awaitanitsa mawa, ndipo pa msinkhu wawo sangayambe kuphunzira bodza, koma akanakonda kuti nkhaniyo ituluke pakamwa panga.

M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda cha misonkhano, valavu yodulidwa ija ili m'manja. Ndinanena zonse: kuti ndinachenjezedwa, kuti ndinakana, kuti siginecha ndi yanga, kuti dalaivala alibe mlandu. Abwana anafunsa kawiri ngati ndikudziwa tanthauzo la zimene ndikunena. Ndinati ndikudziwa.

Malole onse okhala ndi valavu imeneyo awaimitsa. Utsogoleri andichotsa, ndipo bungwe loona za mainjiniya lindiitana mwezi wamawa; mwina chiphaso changa andilanda. Pakali pano andilola kuthandiza a Chifatse m'chipinda chozizira. Tasintha labala, takulitsa pang'ono mpata wa kachitsulo, taikanso kawaya kotenthetsa. Mavalavu mazana awiri agwira onse popanda yochedwa. Zinangotitengera masabata atatu omwe aja.

Dzana kuntchito kunabwera mkazi wa dalaivala uja. Ndinamupeza atakhala pabenchi ya pakhomo lolowera, chikwama chili pamiyendo. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanamva bwinoko akanatero. Iye anangonena kuti masabata awiri aja mwamuna wake ankalira, osati chifukwa cha mwendo, koma chifukwa anzake ankati ndi wosasamala. Anati tsopano watuluka m'chipatala, ndipo akufuna kuona nkhope ya munthu amene anasaina. Ndavomera kupita kwawo Loweruka la sabata yamawa.

Apa ndiye pagona pempho langa. Achimwene, inu ndinu dalaivala. Mukudziwa mmene mtima umachitira phazi likafika pansi koma lole osamva. Ine ndimangodziwa manambala. Ndiuzeni, mukanakhala inu pampando umenewo, mukanafuna kumva chiyani kwa ine? Kapena mukanafuna ndingokhala chete n'kumvetsera? Kalatayi ndaitumiza pa positi yachangu kuti ikupezeni tsikulo lisanafike. Mukawerenga mundiimbire. Ngati mukufuna kundikalipira, kalipani. Ndinu nokha amene ndingakumvereni osadziteteza.

Chachiwiri, amayi muwauze ndinu, pamaso, atakhala pansi. Ndikudziwa mmene amanyadira akamauza anzawo kuti mwana wawo amapanga zitsulo zoteteza anthu pamsewu. Musawabisire kanthu, musandikometsere. Muwauze kuti ndinalakwa, ndinachedwa kuvomera, koma ndinavomera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali ndi kwa amalume. Ambuye akusungeni pa mtsetse uliwonse umene mutsike. Mukamapemphera mutchule bambo amene akuphunzira kuyenda ndi ndodo uja poyamba, ine pambuyo.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi.