Maere Anagwera Lemani

Nsadzo, Chifunde

Wokondedwa mwana wanga Zacarias,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Uli bwanji kumeneko ku Beira, iwe ndi apongozi anga a Célia? Nanga mdzukulu wanga Nélio, mano aja amera? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Dzuwa lokha ndilo latikwiyira, chitsime cha kudambo chatsala matope.

Abambo ako ali bwino. Ndatsogoza mawu amenewa kuti mtima ukhale pansi usanawerenge zina. Akudya, akuseka ngakhale kuseka kumawabaya m'nthiti, ndipo dzulo anayenda okha mpaka kukhola.

Ndasankha kulemba chifukwa pa telefoni sitimvana. Mawu amadukaduka, ndipo akamabwerera iwe umakhala utayamba kale kukalipa. Ndiye werenga mpaka kumapeto, kenako ukalipe ngati udzakhala ukufunabe.

Mlongo wako Dércia wandiuza zimene unanena. Akuti unati madotolo a ku Tete anayeserapo zinthu zawo pa abambo ako chifukwa ndife akumudzi, ndipo unati asapitenso kumene awaitanako. Sindikukudzudzula. Iwe unali panyanja ndi sitima yanu ya nsomba, nkhani unaimva itatha, ndiponso unaimva m'zidutswa. Ine ndinalipo, ndiye imva kwa ine.

Tsikulo ankachokera kumunda wa kutsidya ndi ngolo yodzaza matumba a chimanga. Potsetsereka pa kamtsinje kaja, ng'ombe imodzi inadzidzimuka, gudumu linakwera pamwala, ngolo n'kugudubuzika. Thabwa la m'mbali ndi matumba zinawagwera pachifuwa. Amene anawatulutsa akuti anadzuka okha n'kuyamba kufunsa ngati ng'ombe yathyoka mwendo. Ukuwadziwa abambo ako.

Tinapita nawo ku Chifunde pa galimoto ya ogula chimanga. Anamwino atawamvera pachifuwa anati nthiti zathyoka zingapo ndipo magazi akutayikira mkati, izi n'za ku Tete. Mu ambulansiya ndinawagwira dzanja njira yonse, ndikuona milomo yawo ikutuwa.

Ku chipatala chachikulu anawaboola pambali n'kulowetsa kapaipi, magazi akuda anatuluka. Anapepukidwa, ine ndinayesa zatha. Koma m'mawa mwake mpweya unayamba kuwathawa. Ankapuma ngati munthu wothamangitsidwa, kutulutsa liwu limodzi n'kuima. Anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene kumeneko amachitcha Reanimasau.

Kumeneko n'kumene anatipeza dotolo wina wamkazi, dzina lake Isabel, wamfupi, wa msinkhu ngati wa Dércia. Anabwera ndi namwino wa ku Angonia wolankhula chathu, kuti ndisamve za Chipwitikizi zokha n'kumangogwedeza mutu. Anandipatsa mpando pafupi ndi bedi, iye n'kunjuta kuti abambo ako amuone nkhope.

Anati mapapo awo avulala ndipo atupa ngati mnofu womenyedwa. Anati ena amachira ndi mpweya wa okisijeni wopitira mu masikara ya pamphuno, ngati imene anavala kale. Koma ena masikarayo imawachepera, ndiye amawagoneka tulo, kuwalowetsa paipi kukhosi, makina n'kumawapumira. Makinawo ndi ochepa. Tsiku limenelo onse anali ndi anthu, kupatula amodzi.

Kenako anafotokoza za kafukufuku wawo. Pali chisoti cha pulasitiki choonekera mkati, chonga ndowa yovundikira mutu wonse, chimene chimakankha mpweya mwamphamvu kuti mapapo asafote. Akufuna kudziwa ngati chisoticho chingapulumutse ovulala pachifuwa asanafike pofuna makina. Anati wolowa m'kafukufuku sasankha yekha, dotolonso sasankha. Kompyuta ndiyo imachita maere, ena chisoti, ena masikara ya masiku onse, kuti pasakhale kukondera.

Ndinafunsa kuti ngati chisoticho n'chabwino, bwanji osangoveka aliyense. Anayankha kuti ubwino wakewo ndi umene sakuudziwa, mwina chimathandiza, mwina chimangochedwetsa munthu. Namwino uja anawonjezera kuti mbewu yachilendo sudzala munda wonse, umaika mizere ina yatsopano ina yakale, n'kudzaona pokolola.

Anatiuzanso, kawiri konse, kuti tikhoza kukana ndipo chisamaliro sichisintha, komanso tikavomera tikhoza kutuluka tsiku lililonse. Anatisiya tokha kuti tikambirane.

Ndinayesa nambala yako, mwana wanga, ndinayesanso. Sinkalowa. Abambo ako anali maso ndipo anamva zonse. Nditawafunsa, anasuntha masikara ndi chala n'kunena liwu limodzi lokha, “Vomera.” Ndiye ukamakwiya, dziwa kuti mwini chifuwa ndiye anayamba kuvomera, ine ndinangotsatira.

Maere anagwa poti akhale pa masikara yomwe ija. Zinandiwawa. Ndinamva ngati atiitanira kuukwati n'kutiimika kunja kwa mpanda.

Tsiku lomwelo anabweretsa mnyamata wina wa ku Zobuwe, dzina lake Lemani, wonyamula anthu pa njinga yamoto. Galimoto inamuponyera m'ngalande, nthiti zake zinathyoka ngati za abambo ako. Anamugoneka pa bedi loyandikana ndi la abambo ako. Mayi ake, a Ana Maria, anavomeranso kafukufuku, ndipo kwa iye maere anagwera chisoti.

Ine ndi a Ana Maria tinkakhala pa mphasa imodzi pansi pa mtengo kuseri kwa chipatala, chifukwa m'chipindamo salola kukhalitsa. Tinkagawana madzi ndi kolona imodzi, yawo itaduka. Ndikasuzumira pagalasi la chitseko n'kuona mwana wawo m'chisoti muja, mtima unkandiuza kuti chikanakhala chathu.

Onse awiri anayamba kuipiraipira. Pamwamba pa bedi lililonse pali kagalasi koonetsa manambala a mpweya wa m'magazi, ndipo ngakhale ine ndinaphunzira kuti akamatsika n'zoipa. Manambala a Lemani anatsika, anakwera, anatsikanso, kenako anaima pamodzi. A abambo ako anangotsika.

Masana ena dotolo Isabel anatuluka yekha kudzandiitana pamtengo paja. Anati sangadikirenso, akuwaika pa makina tsopano lino. Anandilola kulowa kaye. Abambo ako sanathenso kulankhula, anangondifinya chala.

Anagona pa makinawo nthawi yaitali, mpaka ndinasiya kudziwa kuti lero n'lachingati. Ndinkalowa kanthawi kochepa, nditasamba m'manja ndi kuvala chovala chawo. Ndinaona ndi maso anga anamwino akuwatembenuza kuti asachite zilonda, akuwayamwa makhololo ndi kapaipi, akuwatsuka m'kamwa, akuwaitana dzina ngati akumva. Mwana wobereka wekha mwina sangapirire zimene atsikana aja ankachita.

Za magazi ndamva kuti kwa amalume ako kukuyenda mphekesera yoti ankawapopa n'kumagulitsa. Ankatengadi, koma pamaso panga, ochepa osadzaza ndi kasupuni ka tiyi, ndipo nthawi iliyonse ankandiuza chimene akukayeza. Ine sindinaone chobisika.

Tsiku limene anachotsa paipi kukhosi ndinali pomwepo. Abambo ako anatsokomola, anayang'ana uku ndi uku, anadzigwira pachibwano, n'kufunsa ndi mawu osasa kuti ndani wawameta ndevu. Anamwino anaseka. Ine ndinatuluka kukalira panja, a Ana Maria n'kundigwira.

Nthawi imeneyo n'kuti Lemani atavula kale chisoti, akumwa phala ku chipinda cha wamba. Iye pa makina sanapitepo.

Amene ananditsegula maso ndi a Ana Maria omwewo. Tikupinda mphasa anandifunsa ngati ndinaganizapo kuti zifuwa zinali ziwiri koma makina amodzi. Anati mwana wawo ndiye anayamba kutsika, ndipo akanapanda kulimba m'chisoti muja, makinawo akanapita kwa iye. Nanga masana aja abambo ako akanawaika pati? Ndinakhalanso pansi. Chisoti chimene ndinkachilirira chija mwina chinawatumikira abambo ako chili pamutu pa mwana wa eni.

Ndinapita kukafunsa dotolo Isabel ngati zili choncho. Ndinkayembekeza kuti avomera msanga, poti n'zotamanda ntchito yake. Koma anati sanganene zimenezo. Anati mwina Lemani akanalimba ngakhale pa masikara, ndipo anthu awiri sangayankhe funso lotere, pafunika ambirimbiri. Anandiuzanso kuti alipo amene anavala chisoti n'kumwalira, alipo amene anakhala pa masikara n'kumwaliranso, ndipo iye amawakumbukira onse. Chokha chimene sanakane n'chakuti makina otsala anali amodzi.

Zacarias, munthu wofuna kutinyenga akanayankha choncho? Wogulitsa mankhwala pamsika wa ku Cassacatiza sanenapo kuti sindikudziwa. Ine kuyambira pamenepo ndinamukhulupirira mtsikana uja.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi.

Awaitana abambo ako kuti apitenso ku Tete mvula isanagwe. Sakukawabaya kapena kuwagoneka. Akauzira mpweya m'kachipangizo, akayenda m'khonde anamwino akuona mmene akupumira, kenako kubwerera. Akuti kupulumuka kokha sikukwanira, akufuna kudziwanso ngati munthu amabwerera kumunda kapena amatsala wopumira m'mwamba moyo wake wonse. Za ulendo alipira ndi a kafukufuku, ife n'kungokwera.

Abambo ako akufuna kupita. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde ndi botolo la madzi ndi kapaipi, kuuzira mpaka madzi achite thovu, monga anawaphunzitsira kuti mapapo atseguke. Koma atamva mawu ako, madzulo ake anandiuza kuti safuna kuchita chinthu chimene mwana wawo woyamba waletsa, komanso safuna kusiya mzere pakati. Anati mawa ngolo idzagwera wina, ndipo mkazi wa winayo adzafunsa funso limene ndinafunsa ine, ndiye pafunika dotolo adzakhale ndi yankho.

Munthu wangochoka kumene pakamwa pa manda usamuike pakati pa zinthu ziwiri chonchi. Ndikukupempha, mwana wanga, bweza mawu ako. Ndipo ngati kuntchito angakulole, bwera udzawaperekeze wekha. Iwe Chipwitikizi umachidziwa kuposa ine. Ukafunse mafunso onse amene ali mumtima mwako, ngakhale olasa, dotolo uja sathawa funso. Ukamva zosakukhutiritsa, ukawatenge abambo ako mubwerere, ine sindidzatsutsa.

Ndikudziwa kuti mkwiyo wako ndi chikondi. Zinakupweteka kuti sunalipo. Ifenso zinatipweteka, koma palibe amene anakuwerengera mlandu.

Tsiku limene awaitana abambo ako ku Tete, Lemani amuitananso. Abambo ako apatula kale tambala wofiira woti akamupatse, ndipo aletsa aliyense kumukhudza. Pamene ndikulemba pano ali pambali panga, akuti ndisatseke ndisanaike mawu awo. Akuti ndikuuze kuti uli ndi mng'ono wako ku Zobuwe amene anagona naye chipinda chimodzi imfa ikuzungulira mabedi, ndipo n'zamanyazi kuti mkulu asadziwe nkhope ya mng'ono wake.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndinavala pa Misa yothokoza. Nélio umupsompsone m'malo mwanga. Dércia ndi ana akupereka moni, a mphakati wathu wa ku tchalitchi nawonso, amene anatikololera chimanga chotsala tili ku Tete.

Mulungu akusunge pamadzi ndi pamtunda, akubweretse kuno uli wamoyo.

Ndine mayi ako,
Vitória