Nyama ya Mfumukazi

Lolemba, 25 Meyi 1953

Bwana Shauri, mzungu wolamulira dera lino, wafika kuchokera ku Songea, khosi lili psuu ngati la nkhukundembo. Wabwera ndi mabendera, chithunzi cha Mfumukazi, ndi ng'ombe yowonda yoti tidzadye Lachiwiri la sabata ya mawa, tsiku lomuveka ufumu ku London. Wabweranso ndi funso: kodi pa Mbamba Bay pano alipo openga ndi chipembedzo? Za ku Kenya zawaopsa azungu, akuona lumbiro pansi pa mtengo uliwonse. Ndiye ine Harrison, karani wake womulembera makalata ndi womasulira, ndi maphunziro anga onse a ku Makerere, ndatumidwa kukanunkhiza ngati galu.

Ndikudziwa mmodzi. Anasiya amake ku Ulaya kudzanjenjemera ndi malungo kuno, n'cholinga choti ife tisamakwatire mitala. Koma Padre ndi mnzake wa Bwana pa tiyi. Ndatseka pakamwa.

Lachitatu, 27 Meyi

Aliyense akutchula dzina limodzi: Efraimu. Mnzanga wa kwathu ku Nkhotakota, tinkaba limodzi mango kumishoni. Anabwera kuno kudzawedza, nakwatira Agripina wa ku Chiwanda. Chaka chatha mlaliki wina wodutsa anamumiza m'nyanja, ndipo anavuuka ali mutu wina. Mpingo wake ndi iyeyo, nkhalamba ziwiri, ndi mbuzi imene imabisala mvula m'kachisi wawo.

Mlandu wake ukusintha malinga ndi mwini pakamwa.

Silvanus, mlamu wake, mwini khoka, ukonde waukulu wokokera nsomba, komanso mkulu wa kwaya: Efraimu anadula kanyanga ka mankhwala pakhoka n'kukataya m'madzi. “Karani, dawa ya khoka si chikunja ayi. Ndi nsomba.”

Padre: za kanyanga wachita bwino, iyenso wakhala akulalikira zomwezo. Koma akuti Efraimu ananena kuti madzi othira makanda pamphumi nawonso ndi kanyanga. Apo ndiye wapenga.

Bwana Shauri za nyanga alibe nazo ntchito. “Amavula chipewa akaona bendera?” Ndati alibe chipewa, bwana. Wagwedeza mutu: ndiye kuti savula.

Lachisanu, 29 Meyi

Ndamupeza akusoka ukonde. Agripina ali ndi pakati, mimba yafika pakhosi.

“Mneneri, moni. Kumwamba kwacha bwanji?”

“Harrison, udakali kudya nyenyeswa za Kaisara?”

“Ndi mchere womwe.”

Ndamufotokozera zimene Bwana anandiuza dzulo, misozi ikulengeza m'maso mwa mzunguyo: kuti Mfumukazi adzamudzoza mafuta opatulika pachifuwa, atamutchinga ndi nsalu kuti anthu wamba asaone. Efraimu waseka mpaka kutsokomola. “Ndiye kanyanga ka Silvanus kanalakwa chiyani?” Akuti ng'ombe ija ndi nsembe ya fano, sadzaikhudza.

Ndamuchenjeza kuti iye ndi mlendo kuno, wa ku Nyasaland. Bwana akangokwiya, meli, sitima ya panyanja ija, ikubwera Loweruka la sabata ya mawa, amukweza kubwerera kwathu. Ndipo Silvanus walumbira kuti mlongo wake sawoloka nyanja. Yankho la Efraimu: Danieli, mikango, ndi zina zotero.

Agripina wandiperekeza mpaka pamsewu. “Shemeji,” ndiko kuti mlamu kunoko, “inu mumalankhula ndi mzungu. Muuzeni kuti mnzanuyu ndi chitsiru chabe.” Ndati zimenezo ndikhoza kulumbira ndi Baibulo.

Loweruka, 30 Meyi

Bwana wandifunsa: tingadziwe bwanji ngati munthuyu ndi woukira boma kapena wongopemphera? Ndati makolo athu anali ndi mwavi, bwana. Mpatseni nthuli ya ng'ombe ya Mfumukazi. Akameza ndi wa boma, akalavula ndi mfiti.

Ndimayembekeza kuti aseka. Waika kaliwo pansi. Akuti ndi nzeru yabwino, yogwirizana ndi miyambo ya anthu akuda, ndipo ku Makerere sanataye nthawi pa ine.

Lamulungu, 31 Meyi

Ulaliki: kondani adani anu. Silvanus wayimba mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

Lachiwiri, 2 Juni

Sikukuu, chikondwerero cha Mfumukazi. Ana a sukulu padzuwa kuyambira m'mawa, awiri akomoka chifukwa chokonda Mfumukazi. Chithunzi pampando, maluwa m'mbali, tonse kuwerama podutsa. Padre wadalitsa ng'ombe itafa kale.

Askari wabweretsa Efraimu pakati pa bwalo. Mbale ya nyama anapatsa ine, poti nzeru inali yanga. Ndamunong'oneza: iwe, kanthuli kamodzi, nyamayi ndi yolimba ngati nsapato, ngakhale Mulungu sangaiwerengere kuti ndi chakudya. Wayang'ana kumwamba. “Sindidya zoperekedwa kwa mafano.” Mokweza, m'Chiswahili, kuti ndi agalu omwe amve.

Kenaka mayi wina kumbuyo: “Wokana kudya ndi anthu amadya kwina!” Mawu anafalikira ngati moto wa lupsa. Mfiti, mfiti. Kuno ukhoza kutukwana Papa, ukhoza kutukwana askofu, koma osakana mbale ya pagulu.

Apo Agripina anatulukira, natsomphola nthuli ija m'mbale, naitafuna pamaso pa Bwana, mafuta akuyenderera pachibwano. Akuti iye ndi mwamuna wake ndi thupi limodzi, Padre ananena yekha pa ukwati, ndiye Efraimu wadya. Ndamasulira bwinobwino, poti fundo yake inaposa zonse zimene ndinamva ku Makerere. Bwana anatembenukira kwa Padre. Padre akuti thupi limodzi, inde, koma mimba ziwiri.

Efraimu anamuyang'ana mkazi wake ngati waponda chimbudzi. “Wandidetsera mwana,” anatero. Basi.

Madzulo gule. Ndavina.

Lachinayi, 4 Juni

Efraimu ali m'kachipinda ka askari kudikira meli. Agripina akumapita ndi chakudya, iye akumachikankhira kunja ndi phazi. Sadya zophikidwa ndi manja odetsedwa. Akudya chinangwa cha askari, chogulidwa ndi Kaisara yemweyo. Ndamufunsa pawindo kuti zimenezi zili pa vesi iti. Wandiyimbira nyimbo.

Onse akondwa. Kwa Bwana woukira wagwidwa, kwa Padre wampatuko wachoka, kwa Silvanus mfiti yapita ndipo wamanga kale kanyanga katsopano. Chiyambire kukhala kuno sindinaonepo boma, tchalitchi ndi mudzi zikugwirizana chonchi. Anandiyamika ndani? Palibe.

Lachisanu, 5 Juni

Agripina pakhomo panga m'mamawa, wagwada. “Shemeji, mwana abadwa wopanda bambo.” Ndati ngakhale mwini chipembedzo chathu nkhani ya bambo wake inali yovuta, koma anakula. Sanaseke. Anthu a kuno nthabwala sazimva.

Loweruka, 6 Juni

Meli yaima kutali monga mwa masiku onse, bwato likutenga anthu pamchenga. Efraimu wakwera ndi Baibulo m'khwapa, msana kumtunda, osacheuka ngakhale kamodzi. Nkhalamba zake ziwiri sizinabwere.

Bwato litayamba kuyenda, Agripina walowa m'madzi ndi nsalu zomwe. M'mawondo, m'chiuno, mimba yonse kumira. Silvanus wamutsatira, wamugwira tsitsi, namukoka chagada ngati khoka, anyamata a usipa akuwomba m'manja. Atamufikitsa pamchenga sanayang'anenso bwato. Wayang'ana ine. Wakuwa m'chinenero cha kwawo, chimene ndimachimva bwino lomwe: za nyama, za maliro anga, za amene adzakane kudya pamalirowo.

Bwana wafunsa kuti akuti chiyani. Ndati ndi nyimbo yotsanzikana, bwana.

“Koma ndamva dzina lako, Harrison.”

“Ndi mwambo, bwana. Amatchula amene wawathandiza.”

Akuti ndi mwambo wokongola kwambiri, ndimulembere mawu ake onse atumizire amake.