Magalasi Atuluke M'kabati

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ntchito yosoka ikuyenda, kungoti makina anga ayamba kudula ulusi. Koma ndisakunamizeni, ndikulemba kalatayi mtima uli m'mwamba.

Dzulo aphunzitsi a mwana wanga anandiimbira foni. Akuti mtsikanayo wayambanso kufinya maso akamayang'ana pa bolodi, akukopera zolakwika, ndipo akumaweruka mutu ukumupweteka. Atamufunsa za magalasi ake, anayankha kuti amayi aakulu anawatsekera m'kabati ya mbale.

Achemwali, zoona? Magalasi oti adokotala anachita kumuyeza ine ndili pomwepo, inu n'kuwaika pamodzi ndi makapu a alendo? Akuti mukunena kuti magalasi amalowetsa maso mkati, komanso kuti mwana akawavala amayamba matama. Anakuuzani ndani? Ngati ndi mayi wa pagolosale uja, muuzeni azigulitsa sopo wake, za maso awasiyire adokotala. Ndamvanso kuti akadandaula mutu mukumangomupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti asiye ulesi. Mapiritsi angamuonetse bolodi?

Ndikudziwa kuti mumamukonda, ndipo pondisungira mwana ndimathokoza. Koma apa pokha mwandilakwira. Mayeso atsala milungu isanu, ndipo akalephera abwereza kalasi kachiwiri.

Mwaiwala mmene bambo ankandikwapulira zotsatira za mayeso zikabwera? Pakhomo ponse ankanditchula kuti Mbuli, inunso munkaseka nawo. Ndinasiya sukulu nditavomereza kuti mutu wangawu ndi wouma. Magalasi ndinadzavala ndili ndi zaka makumi atatu, abwana atatopa kundiona ndikulimbana ndi kulowetsa ulusi pasingano. Tsiku limenelo ndinaima pamsewu n'kumawerenga chikwangwani chilichonse, misozi ili chuchuchu. Nzeru ndinali nazo, achemwali, kungoti bolodi sindinkaliona.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga kalatayi, tsegulani kabatiyo, muwapukute, mumuveke ndi manja anu. Azivala tsiku lililonse, ndipo anzake akamamuseka mumulimbitse mtima. Mutu ukapitirira, mupite naye kuchipatala akamuyezenso.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Mwana wangayo mumuuze kuti amayi ake akuti si waulesi.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamutchula kuti Mbuli