Cholembera Chanu cha Malegeni Chagwira Ntchito, Alamu

ZEBEDEE NAMAKHWA
Anabadwa mu 1946, anatisiya pa 14 Juni 2004

Alamu, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Akazi anu a Vaileti, achemwali angawa, amafuna kuti pansi pa chithunzi chanuchi ndilembe za misozi zokhazokha. Misoziyo ilipo, sinaphwe. Koma ine Yona ndabwera ndi nkhani yotentha, ndipo simundiletsa, poti ngakhale muli moyo simunathepo kunditseka pakamwa.

Mukukumbukira pamene dzanja lanu linayamba kuvina pa shedi yanu ku Biwi, pomwe munkakhoma mbaula ndi zidebe? Woyamba kunena kuti ndi matsire ndinali ine, chonsecho inu mkulu wa mpingo, mowa simunaulawepo. Kuchipatala anati ndi matenda onjenjemera, sachira, koma manja ukamawagwiritsa ntchito amalimba. Inu munazitenga ngati akulembani ganyu. Tambala akangolira, muli pakhonde ku Kaliyeka, kufinya kampira ka tenesi, makumi asanu dzanja ili, makumi asanu linalo. Mukatero, mapegi onse a achemwali mwawapanitsa m'mphepete mwa chidebe, imodziimodzi, zochapa zawo zikuuluka pachingwe. Kenako kupotokola thaulo lonyowa, kunyamula mabotolo odzaza mchenga, madzulo n'kundiitana pa bawo. Munkati kuponya nkhomo imodzi m'dzenje lililonse ndi mankhwala a zala. Chondidabwitsa n'chakuti zikagwa ziwiri m'dzenje limodzi, nthawi zonse linali dzenje lokupindulirani inuyo. Mpaka lero ndikuti pamenepo sanali matenda.

Zonsezo munkavutikira chinthu chimodzi. Munalumbira kuti tsiku la ukwati wa mwana wanu Martha mudzalemba dzina lanu m'buku la kutchalitchi ndi dzanja lanu, osati kudinda chala. Munatenga cholembera, n'kuchikulunga malegeni a chubu cha njinga mpaka chinanenepa ngati chinangwa, kumutu kwake n'kumangirira nati yachitsulo kuti chilemere, chisamathawe. M'mphepete mwa nyuzipepala zakale monse munadzaza Namakhwa, Namakhwa, Namakhwa. Koma chibayo cha mwezi wozizira uja sichinadikire. Munapita Martha asanapeze n'komwe mwamuna.

Tsono tamverani izi. Chaka chatha dzanja langa lamanja linayamba kuvina gule wanu yemwe uja. Anzanu akamapita amasiyira abale njinga kapena jekete, inu mwandisiyira kunjenjemera! Adokotala anati matendawa sapatsirana, ine ndinawauza kuti alamu anga simuwadziwa. Ndisanazolowere n'komwe, Martha anabwera ndi mnyamata wake Laws, wa ku Area 25, wa banja la aphunzitsi a ku Rumphi, anthu oti ngakhale galu amamukalipira m'Chingerezi. Ndipo nkhoswe yokasaina m'buku lija ndani, ngati si ine malume wake? Achemwali anati ndisadzivute, ndikangodinda chala. Ine, chala? Pamaso pa aphunzitsi? Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo chimene ndinatulukako nacho ndi siginecha yokhayo. Ikanandithawa, Martha akanalowa m'banja lija ngati mwana wa anthu osadziwa A.

Ndinakatsegula bokosi lanu la zida, alamu, ndili ndi manyazi. Kampira kanali momwemo, kothothoka ubweya, pamodzi ndi cholembera chija. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala pakhonde lanu lomwe lija, kuchita zimene ndinkakusekani nazo. Pegi inandiuluka n'kundimenya pamphuno. Botolo la mchenga linandigwera pachala chakuphazi, ndipo mawu amene ndinatulutsa sangalembedwe pansi pa chithunzi cha mkulu wa mpingo. Masiku ena dzanja linkakaniratu, ndinkangolikhalira. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti nthawi yonse ija munkaseka nafe, mkatimu munali pankhondo, ndipo simunatiuzepo.

Loweruka lapitali linali tsikulo! Tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Abusa anandipatsa kacholembera kawo kowonda ngati udzu, ine ndinakana mwaulemu, n'kusolola chanu m'thumba la jekete. Bambo ake a mkwati anatsitsa magalasi, kuganiza kuti ndatulutsa sipanala. Dzanja linayamba zake, tebulo n'kumavomera. Ndinachita monga munkachitira inu: chigongono patebulo, mpweya mkati, mpweya kunja, osathamanga ngati kondakitala wa minibasi. Yona Mulinde, zilembo khumi ndi chimodzi, zonse zowerengeka! Mchira wa chomaliziracho unatsetsereka n'kulowa mumzere wa aphunzitsi aja, koma nawonso aone mmene timalembera a ku Thyolo. Achemwali anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa, kenako anakhala pansi n'kulira. Martha anachizindikira cholemberacho. Anachitenga m'manja mwanga, n'kuchigwira pachifuwa pa diresi loyera, malegeni akuda omwewo, ndipo wojambula anajambula momwemo.

Dzina lili m'bukumo ndi langa, alamu, koma dzanja linalemba lija munalikonza ndinu.

Akukusowani akazi anu a Vaileti, amene mpaka pano amawerenga mapegi awo akamaanula. Mwana wanu Anderson, amene wagwira hamala yanu ku Biwi. Martha ndi mwamuna wake. Ndi ine, amene ndilibenso wondibera pa bawo.

Usani mumtendere. Dzanja ili lingagwetse kapu, lingagwetse supuni, koma inu sitidzakugwetsani m'mitima yathu.

Mlamu wanu Yona, m'malo mwa banja lonse
Kaliyeka, Lilongwe, Juni 2007