Akuti Oyenda Pansi Ndife Chitsanzo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma chifuwa cha amayi sichikutha.

Lachiwiri kunabwera anthu ndi kamakina koyezera utsi wa magalimoto, nkukamangirira pamtengo pafupi ndi pomwe ndimagulitsa tomato. Mtsikana wina wa gulu lawo anandifunsa kuti ndimabwera bwanji m'tauni. Ndinati, "Wapansi, mwanawe, kuchokera ku Nakoli, dengu lili pamutu."

Iye anasekerera. "Mukuchita bwino, amayi! Mukuteteza chilengedwe. Nakoli ndi chitsanzo, ambiri simukwera galimoto."

Chiwonongekereni msewu, maminibasi anasiya kulowa kwathu. Sabata yatha amayi ndinapita nawo kuchipatala pawilibala, fumbi likuwalowa m'kamwa, iwo akutsokomola njira yonse. Tsopano anthuwa akakanena kuti kwathu zonse zili bwino, msewuwo adzatikonzera ndani?

Mukapeza wobwera kuno, mutumizeko mankhwala a chifuwa ndi nsapato zolimba, zangazi zatha kunsi. Mulungu akusungeni. Ife tizingoyendabe pansi, poti akuti tikuchita bwino.

Ndine mlongo wanu,
Esinati